BENJANI MWARUWARI, MWANA WA MACHONA PA MABWALO A KU ULAYA

Tsiku Lamulungu, pa 10 February 2008, anthu oposa 75,000 anadzaza bwalo la mpira la Old Trafford mu mzinda wa Manchester ku England. Linali tsiku la cisoni kwa eni bwalo, pakuti anali kukumbukira kuti papita zaka 50 cigwere ndege ku Munich, pa 6 February 1958, ngozi imene inapha anthu 23, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo anali anyamata a timu ya Manchester United. Anyamata a United analowa m'bwalo atabvala malaya osokedwa monga a masiku akale aja, opanda dzina la kampani pa cifuwa, ndipo khamu lonse linakhala cete mphindi imodzi. Ambiri anali ataweruza kale mu mtima kuti pa tsiku lotere United siingagonje. Koma nthawi yopuma iri pafupi, alendo a Manchester City ali patsogolo kale ndi cigoli cimodzi, Martin Petrov anaponya mpira pakati, ndipo munthu wina wakuda amene anali atangolembedwa nchito masiku asanu apitawo anaukhudza ndi mutu, nulowa mu ukonde. City inapambana 2-1, ndipo kumeneku kunali kupambana kwace koyamba pa bwalo limenelo ciyambire caka ca 1974.

Munthuyo ndiye Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo, mwana wa makolo a ku Malawi. Inu awerengi athu a ku Bindura, a m'makomboni a Trojan ndi Shamva, ndi a m'mafamu a m'cigwa ca Mazowe, mbiri yace mudzaimva msanga kuposa anthu ena. Ngakhale malipiro ace anali akuru, mayendedwe ace anali omwe aja a agogo anu: kucoka kwanu, kupimidwa ndi dotolo, kusaina pangano, kugwira nchito pansi pa kapitao wa cinenero cina, ndi kucotsedwa thupi likatopa.

NJIRA YA MAKOLO

Kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1900 amuna a ku Nyasaland anali kutsikira ku Southern Rhodesia kudzafuna ndalama ya msonkho, nsaru ndi njinga. Ena anadza pansi, kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi. Ena, m'zaka za pambuyo pace, anakwera magalimoto a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi. Migodi ya golide ya kumpoto kuno ndiyo inali yoyamba kukomana nayo pa njira, ndipo ambiri sanapitirire. Pamene anchito oposa 3,000 ananyanyala nchito pa mgodi wa Shamva m'caka ca 1927, ocuruka mwa iwo pamodzi ndi atsogoleri ao anali Anyasa. Ena anapitirira kufikira ku Salisbury ndi ku Bulawayo, kumene kunali nchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Amene sanabwerere, ku mudzi anawapatsa dzina la machona. Eni dziko kuno anawapatsa maina ao-ao, monga Mabhurandaya, ndiko kunena a ku Blantyre, ngakhale munthuyo akhale wa ku Karonga woti mzinda wa Blantyre sanauonepo ndi maso.

Munthu wopanda munda ndi wopanda mfumu m'dziko la eni, ana ace amafuna khomo lina lolowera, ndipo makomo awiri amene anali otseguka anali nyimbo ndi mpira. Alick Macheso, woyimba wochuka, anabadwira ku Shamva konkuno m'caka ca 1968. Moses Chunga, amene anasangalatsa anthu ku Dynamos napita kukasewera ku Belgium, nayenso ndi wa mbumba ya ku Malawi. Eni migodi anali kukonda mpira cifukwa unali kusunga anchito pa komboni tsiku lopuma, ndipo matimu a Wankie, Mangula, Shabanie ndi Rio Tinto anaturuka m'menemo. Bindura nayo inakhala ndi timu yace ya Mwana Africa mu ligi yaikuru m'caka ca 2006.

Dzina leni-leni la munthu wathuyu ndi Mpenjani. Wodziwa Citumbuka adzalimva mosabvuta: kupenja ndiko kufuna-funa cinthu, tsono Mpenjani ndiko kunena kuti mfuneni. Koma m'kamwa mwa anthu a kuno dzinalo linasanduka Benjani, ndipo dziko lonse la pansi linamdziwa ndi dzina lopindikalo, monga anapindikira maina a ambiri a inu pa tebulo la kalaliki wa pa mgodi.

KU CHEGUTU NDI KU JONI

Anabadwa mu August 1978, dziko likali Rhodesia, nkhondo iri mkati, ndipo anakulira ku Magwegwe, limodzi la malokeshoni a kumadzulo kwa Bulawayo. Mzinda umenewu ndi kwao kwa timu ya Highlanders, imene inalera Peter Ndlovu; ndipo Peter anafika ku Coventry City ku England m'caka ca 1991 ali ndi zaka 18 zokha. Benjani sanaphukire msanga cotero ai. Iye anayamba ndi kuzungulira matimu ang'ono: Lulu Rovers ya ku Chegutu, timu ya University of Zimbabwe, kenaka Air Zimbabwe Jets ya ku Harare. Pamene anaponda England anali ndi zaka 27, msinkhu umene anyamata ena a mpira amakhala atayamba kale kuganiza za kutsika.

Mwai wace unadza mu June 1999, pamene matimu a Zimbabwe ndi South Africa anasewera pa cikondwerero ca kulongedwa kwa Thabo Mbeki kukhala mtsogoleri wa South Africa. Benjani anasewera bwino tsikulo, ndipo Jomo Sono, mwini timu ya Jomo Cosmos ku Johannesburg, munthu wa diso lakuthwa pa kutola anyamata osadziwika, anamtenga. Motero anapita ku Joni monga anapitira amuna a Wenela, koma nchito yace inali pamwamba pa nthaka. Kumeneko anampatsa dzina loti The Undertaker, ndiko kunena woika maliro, cifukwa ca mmene anali kutsirizira matimu a adani. Ndipo m'caka ca 2001 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya South Africa, osewera anzace nabvomereza comweco pa cisankho cao.

Anakhala kanthawi ku Grasshoppers ya ku Zürich, m'dziko la Switzerland, mongobwerekedwa, ndipo m'caka ca 2002 anasamukira ku Auxerre ku France. Auxerre ndi katauni kakang'ono pakati pa minda ya mphesa, koma timu yace inali ndi mphunzitsi wina wokalamba, Guy Roux, amene anaigwira zaka zoposa 40 naikweza kucokera pansi peni-peni kufikira kutenga ligi ya France m'caka ca 1996. Mkuruyu anali wouma pa mwambo ndi pa ndalama, wolondola anyamata ace ngakhale usiku ngati tate wa ana osamvera. Poyamba Benjani anakhala mu mthunzi wa Djibril Cissé, amene ndiye anali mwini malo a kutsogolo kufikira anapita ku Liverpool m'caka ca 2004. Tsiku lace lalikuru ku France linadza pa 4 June 2005, pa mpikisano wotsiriza wa cikho ca dzikolo pa bwalo la Stade de France: iye anamwetsa cigoli coyamba, Auxerre nigonjetsa Sedan 2-1. Atangotenga cikhoco Guy Roux anapuma nchito, ndipo pansi pa mphunzitsi watsopano Benjani anayamba kukhala pa benci. Kapitao akasintha, wanchito amadziwa yekha kuti nthawi yomanga katundu yakwana.

MASEWERO 14 OPANDA CIGOLI

Mu January 2006 timu ya Portsmouth, ya pa doko la kumwera kwa England, inamgula pa mtengo wa mapaundi 4.1 miliyoni, ndalama zimene inali isanalipirepo munthu wina ali yense. Pano tiyenera kufotokoza, popeza ena amayesa kuti cuma cotere cimalowa m'thumba la wosewera. Sicitero. Ndalamazo zimapita kwa timu imene ikumtaya, monga mtengo womasulira pangano lace. Iye mwini amalandira malipiro a pa sabata monga mwa pangano latsopano. Koma ngakhale ndalamazo sazigwira, katundu wace amamsenza ndiye, pakuti anthu onse a m'bwalo amaudziwa mtengowo ndipo amauwerengera pa phazi liri lonse limene aponda.

Portsmouth inali m'madzi. Ligi yaikuru ya England iri ndi matimu 20, ndipo atatu a pansi amatsitsidwa pa kutha kwa caka, nataya ndalama zambiri za makampani oonetsa mpira pa kanema. Mphunzitsi Harry Redknapp anali atangobwerera ku timuyo mu December 2005, naipeza iri m'gulu la otsitsidwa, ndipo anagula Benjani kuti adzamwetse zigoli zoipulumutsa. Tsono sewero loyamba linapita, cigoli palibe. Laciwiri, lacitatu, lacisanu, lakhumi, cimodzi-modzi. Masewero 14 anatha munthu wogulidwa pa mtengo woposa onse asanagwedeze ukonde ngakhale kamodzi, ndipo olemba nyuzi sanamcitire cifundo.

Cimene cinadabwitsa alendo ndi cakuti anthu a pa bwalo la Fratton Park sanamtaye. Kwina konse wosewera wotere akadamkuwiza, koma iwo anali kuyimba dzina lace. Ife tiyesa cifukwa cace sicobisika. Portsmouth ndi mzinda wa anthu a pa doko ndi a m'zombo za nkhondo, anthu odziwa kusiyanitsa wanchito waulesi ndi wanchito watsoka. Anaona munthu wothamanga mphindi 90 zonse, wolimbana ndi otseka kumbuyo atali-atali, wolanda mipira imene ena anali ataileka, wotsegulira anzace njira. Ali yense amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi adziwa kuti pa gulu pamakhala munthu wina amene dzina lace silichulidwa pa ofesi, koma tsiku limene wadwala ngolo zimacepa. Benjani anali wotere m'miyezi imeneyo.

Pa 29 April 2006 Portsmouth inapita ku Wigan, podziwa kuti kupambana kukhoza kuipulumutsa. Wigan inatsogola. M'cigawo caciwiri Benjani anabweza ndi mutu, cigoli cace coyamba pa sewero lace la 15, ndipo Matthew Taylor anamwetsa penati. Portsmouth inapambana 2-1 nikhalabe mu ligi yaikuru. Cigoli cimodzico cinabweza mtengo wace wonse ndi kupitirira.

Zipatso zeni-zeni zinaoneka m'caka ca 2007. Pa 29 September anamwetsa zigoli zitatu pamene Portsmouth inagonjetsa Reading 7-4, sewero la zigoli 11 limene linaposa onse a mu ligiyo ciyambire 1992. Pa 19 January 2008 anamwetsanso zitatu polimbana ndi Derby County. Mwezi umenewo usanathe anali ndi zigoli 12 za mu ligi, ali pakati pa omwetsa otsogola m'dziko lonse la England, ndipo ana a m'makomboni kuno anali kutsanzira cizolowezi cace coloza anthu ndi cala akamwetsa.

KUGULITSIDWA PA TSIKU LOTSIRIZA

Pamene zinthu zinamkomera ndi pamene anamgulitsa. Malamulo a mpira amalola kugula ndi kugulitsa osewera pa nyengo ziwiri zokha pa caka, ndipo m'caka ca 2008 nyengo ya January inatsekedwa pa tsiku lotsiriza la mweziwo. Pa 31 January 2008 Portsmouth inafuna kutenga Jermain Defoe wa ku Tottenham, ndipo inabvomera kupereka Benjani kwa Manchester City. Iye anaphonya ndege ziwiri zopita ku Manchester, nafika usiku nthawi itatsala pang'ono kutha. Nyuzi za ku England zinalemba kuti anagona tulo pa bwalo la ndege, ndipo anthu akhala akuseka nkhaniyo zaka zambiri. Ife sitiona coseketsa kweni-kweni. Munthu amene wauzidwa m'mawa kuti madzulo akhale atasamuka pa malo amene akukondedwa sathamangira ndege.

Makalata anacedwa, ndipo akuru a ligi anayamba aunika nkhaniyo masiku angapo. Dotolo wa City naye anapeza cokayikitsa pa bondo lace, limene linacitidwapo opaleshoni. Potsiriza, pa 5 February, anagwirizana kuti City ilipire mapaundi 3.87 miliyoni poyamba, ndipo zina zidzatsate malinga ndi masewero amene adzasewere. Akuru amene anaimapo pa mzere wa Mthandizi kapena wa Wenela, malaya ali m'manja, dotolo akugogoda pa cifuwa, adzazindikira mwambo umenewu. Masiku asanu pambuyo pace ndipo anamwetsa cigoli cija ca ku Old Trafford cimene tayamba naco nkhani yino. Koma mu May caka comweco anzace amene anawasiya ku Portsmouth anatenga cikho ca FA pa bwalo la Wembley, atagonjetsa Cardiff City 1-0, iye palibe.

CITUPA NDI UKAPUTENI

Tsopano tibwerere kuno kwathu, cifukwa m'zaka zomwezi munacitika cinthu cimene cimapatsa mbiri yace kulemera kwina. Kuyambira caka ca 2000, pamene mafamu a Azungu analandidwa, anchito ambiri a m'mafamu anataya nchito ndi nyumba pamodzi, ndipo a mbumba ya ku Malawi, Mozambique ndi Zambia analibe mudzi wothawirako. M'caka ca 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: munthu woyesedwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aukane, apo ai ataye wa Zimbabwe. Lamulolo linagwera ngakhale anthu obadwira kuno, amene ku Malawi anangokumva m'nthano za agogo ao. Ambiri sanadziwe n'komwe kuti pali cokana; ena analibe ndalama ya ulendo wa ku Harare kapena makalata a kubadwa kwa makolo. Zitupa zao zinawaonetsa kuti ndi alendo, ndipo pa cisankho ca March 2002 ambiri anabwezedwa.

M'nyengo yomweyo mwana wa machona anali kubvala malaya a dziko la Zimbabwe, anthu a mitundu yonse akupfuula dzina lace pa bwalo la National Sports Stadium. Timu ya dziko isanapite ku mpikisano wa maiko a Africa ku Egypt m'caka ca 2006, iye anathandiza ndi ndalama zace kuti ikakonzekere ku France. Ku Egypt Zimbabwe inagonja kwa Senegal ndi Nigeria, koma pa 31 January inagonjetsa Ghana 2-1, timu imene inali pa ulendo wa ku mpikisano wa dziko lonse caka comweco, ndipo cigoli cimodzi cinali ca Benjani. Peter Ndlovu atatula ukaputeni, unapatsidwa kwa iye. Pa 2 June 2010 ndiye anatsogolera Zimbabwe polandira Brazil ku Harare. Alendowo anapambana 3-0, ndipo mmodzi wa omwetsa anali Robinho, amene anasewera naye ku City. Mu October caka comweco anapuma ku timu ya dziko.

Sitinena kuti zigoli zace zinasintha lamulo. Mpira ulibe mphamvu yotero. Cinasintha zinthu ndi malamulo akuru a dziko a caka ca 2013, amene ananena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanaturuke, wokhala m'dzikomo, amene kholo lace linali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Koma m'zaka za pakatizo, tate wa pa komboni amene mwana wace anali kunyozedwa ku sukulu cifukwa ca dzina la Phiri kapena Banda anali naye munthu womuloza pa kanema, kaputeni wa dziko lonse.

KUTSIKA

Mu September 2008 Manchester City inagulidwa ndi anthu olemera a ku Abu Dhabi, ndipo tsiku lomwelo inatenga Robinho pa mapaundi 32.5 miliyoni, kuposa mtengo wa Benjani kasanu ndi katatu. Caka cotsatira anadza Carlos Tevez, Emmanuel Adebayor ndi Roque Santa Cruz, onse a malo ace omwewo. Iye anali atabvulala ncafu nakhala kunja miyezi yambiri, ndipo pocira anapeza mpando wace uli ndi eni. Mu February 2010 anabwerekedwa ku Sunderland, kumene sanamwetse, ndipo pangano lace ku City litatha sanalipitirize.

Blackburn Rovers inamtola mu August 2010. Kumeneko anakhala ndi usiku umodzi wa ulemerero wakale, pa 5 January 2011, pamene anamwetsa ziwiri Blackburn nigonjetsa Liverpool 3-1. Patapita masiku atatu mphunzitsi wa Liverpool, Roy Hodgson, anacoka pa nchito. Mu August 2011 anabwerera ku Portsmouth, koma anapeza nyumba yosiyana ndi imene anaisiya: timu inali itatsitsidwa, iri m'ngongole zazikuru, ndipo mu February 2012 inaikidwa m'manja mwa oyang'anira cuma ca ogwa, nitsikanso pa kutha kwa caka. Miyendo yace nayo inali itatha. Anatsirizira ku South Africa, ku Chippa United ndi ku Bidvest Wits, naleka kusewera m'caka ca 2014.

Pambuyo pace anaphunzira za uphunzitsi wa mpira ku Ulaya, ndipo mu March 2022 analembedwa kukhala mphunzitsi wamkuru wa Ngezi Platinum Stars, timu ya pa mgodi wa platinamu ku Mhondoro. Timu inacita masewero ambiri olingana mphamvu, opambana ocepa, ndipo mu July caka comweco, atagwira nchito miyezi inai yokha, eni timu anamcotsa.